Chimene chimakokera anthu ku mabwinja si zithunzi ayi

Ndamva ambiri akunena kuti alendo amapita ku malo akalekale pongofuna zithunzi zoika pa Facebook. Ine ndikukana. Chithunzi munthu angajambulitse pompano pa Joina City mu Harare osalipira basi. Koma amene walawira m'bandakucha ku Mbare Musika, pokwerera mabasi mu Harare, n'kupirira makilomita pafupifupi 300 mpaka ku Masvingo, ali ndi china chomudya mumtima. Akufuna aone yekha, agwire ndi dzanja lake, kuti pasadzapezeke womunamiza.

Taonani Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale wa miyala pafupi ndi Masvingo. Khoma la mpanda waukulu wa kumeneko limafika mamita 11 kupita m'mwamba, miyala yongosanjikiza, popanda dothi kapena simenti yomatira. Ukalowa m'kanjira kopanikiza ka pakati pa makoma awiri, kopita ku nsanja ya miyala ya m'kati mwa mpandawo, pena mapewa amatsala pang'ono kukhudza uku ndi uku, ndipo mwala ukaugwira ndi wozizira ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Mzindawu unamangidwa kuyambira zaka za m'ma 1000 mpaka m'ma 1400, ndipo ofukula anapezamo mikanda ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Komatu atsamunda anakakamira zaka zambirimbiri kuti munthu wakuda sangamange zotere. David Randall-MacIver anafukula mu 1905, Gertrude Caton-Thompson mu 1929, onse n'kupeza kuti ndi ntchito ya eni nthaka. Boma la Rhodesia silinafunebe kumva, mpaka katswiri wina, Peter Garlake, anachoka m'dziko muno mu 1970 chifukwa chokana kubisa chilungamo. Ndiye munthu wakuda akaima m'tsinde mwa khoma lija n'kukhala duu, musamudabwe. Waona umboni wa mlandu umene makolo ake anaumva akugonja, iye waupeza atapambana.

Zifukwa zina zilipo, sindikutsutsa. Ena amakwera ku Matobo kukaona manda a Cecil Rhodes, ena amatengedwa ndi sukulu, ena amangofuna kupitidwa mphepo. Zonsezo n'zabwino.

Koma nkhawa yanga ili pa ife, ana a matchona. Agogo athu anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi, ambiri osabwereranso. Ife takulira ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Epworth, panja Chishona, m'nyumba Chichewa. Ndani mwa ife sanatchulidwepo mubhurandaya, dzina lachipongwe la Chishona lotanthauza munthu wa ku Blantyre? Gule akatuluka, anzathu amati zvigure, ena kuthawa, ena kunyoza, ndipo ana athu ena amachita manyazi kuti adziwike kuti ndi kwawo. Chonsecho gule wamkulu yemweyu UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Ngati pali anthu ofunika kukagwira umboni ndi manja, ndi ife.

Umboniwo ulipo, abale anga. Ku Chongoni, m'mapiri a ku Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Zofiira ndi za Akafula amene makolo athu anawapeza. Zoyera, zopaka ndi chala, ndi za Achewa enieni: zizindikiro zimene anamkungwi ankaphunzitsira atsikana kuchinamwali, ndi zilombo za nyau. Mwana wathu amapita ku Domboshava, kufupi ndi Harare, ndi sukulu, amaona nyama zojambulidwa m'phanga muja, amabwera akusimba, ndipo ine ndimakondwera naye. Chimandiwawa n'chakuti mwana yemweyo sadziwa kuti agogo a agogo ake nawonso anasiya dzanja lawo pathanthwe.

Vuto lathu n'lakuti kumudzi timapitako pamaliro pokha. Tifika, tilira, tiika, mawa lake tili pa basi. Basi ya ku Lilongwe imadutsa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowera pa Dedza pomwepo, ife tili m'tulo kapena tikuwerengera katundu. Mzungu wachoka kutsidya kwa nyanja kudzaona mapanga amenewo, ife tikuwadutsa m'mphepete.

Amene mukupita ndi ana Disembala uno, chonde patulani tsiku limodzi. Tsikani pa Dedza, mufunse njira ya ku Chentcherere kapena ku Mphunzi, mupeze wakomweko wokuperekezani, ndipo muwauze anawo asakhudze utotowo chifukwa umafufutika.