Tizigoba ta m'nyanja ndi miyala ya kuno ku Dedza

Zikomo alembi potifotokozera za foraminifera, tizamoyo ta m'nyanja zamchere tomwe tikafa tizigoba take timatsalira m'matope mpaka matopewo kusanduka mwala. Mfundo yanu yoti tizigobati timaulula zaka za mwala ndi yomveka. Mitundu yake inkasintha msangamsanga, ndiye katswiri akaphwanya kamwala, n'kukatsuka, n'kuunika pa maikulosikopu, amadziwa nyengo yake poona mmene tizipinda ta chigobacho tinasanjikirana. Amadziwanso ngati madziwo anali akuya kapena osaya. Tambiri n'tovuta kutiona ndi maso, koma ta mtundu wa Nummulites timakula ngati ndalama yachitsulo, ndipo tadzaza m'miyala yomwe anamangira mapiramidi a ku Giza, m'dziko la Egypt. Ku Gubbio, m'dziko la Italy, mitundu yambiri imangoti zii pa mzere wa m'miyala wa zaka 66 miliyoni zapitazo, pomwe ma dinosaur anatha.

Koma za kwathu kuno mwazisiya, ndipo n'zimene zandilembetsa. Ana a sukulu akawerenga nkhaniyi asakavutike kugogoda miyala pa Phiri la Dedza kapena ku Chongoni. Miyala yathu ina inachokera ku chiphalaphala chomwe chinazizirira pansi pa nthaka, ina inapsa ndi kupanikizika kwa zaka zosawerengeka, chigoba sichingapulumuke mmenemo. Nyanja ya Malawi nayonso ndi yopanda mchere, ofufuza matope ake amadalira ma diatom, tindere ting'onoting'ono ta m'madzi. Tizigoba ta foraminifera tosungika bwino timapezeka m'matope akale a kugombe la Tanzania, cha ku Kilwa ndi Lindi. Chonde mudzatilembereko njira zimene akatswiri amapimira zaka za miyala ngati yathuyi.