Anyamata a tindege, batire limenelo lidzakuwotcherani nyumba

Ndakhala ndikupenyerera osanena kanthu, koma zimene ndaona Loweruka lapitali zanditsegula pakamwa. Ndikulankhula ndi inu anyamata amene mwayamba kuulutsa tindege ta limoti kuno ku Mangochi, timene mumati glider, topanda injini kapena tokhala ndi kamota kongokwezera m'mwamba. Ena mumakumana pabwalo la mpira cha ku Mpondasi, ena pamchenga m'mbali mwa nyanja, ndipo ndamva kuti ena mumakwera mapiri a njira ya ku Namwera kukasaka mphepo yowomba chitunda. Masewerawo sindidana nawo ayi. Ine ndakalamba ndi mawaya m'manja, ndipo ndikaona kandege kakuzungulira limodzi ndi nkhwazi, kakukwera ndi mpweya wotentha popanda phokoso, mtima umachita kukoma. Chandinyansa ine ndi mmene mukuseweretsera mabatire.

Tsikulo ndinapeza galimoto itaimikidwa pamtetete, magalasi onse otseka, nthawi itangopitirira 1 koloko masana. Pampando wakutsogolo panali batire la LiPo, mtundu wa batire la lithium limene mumaika m'tindegeto, likutchajidwa. Eni ake anali kutsidya la bwalo, makosi ali chagada kuyang'ana kumwamba. Ana atatu anali atakhala pansi motsamira galimotoyo, kusaka kamthunzi. Nditagwira galasi, dzanja ndinachita kulibweza msanga. Ndinaitana mwini wake, mnyamata wamsinkhu wa mdzukulu wanga, ndipo anabwera akuseka.

"Madala musadandaule, chaja imeneyi imazima yokha."

"Tatsegula, mwanawe, tione."

Batirelo linali litafufuma ngati ndasi lochokera m'mafuta. Iye analidina ndi chala n'kunena kuti likadali ndi moyo, akafika kunyumba alitsamiza njerwa kuti liphwe. Njerwa! Ndipo mnzake anawonjezera kuti iye amangoboola ndi singano kuti mpweyawo utuluke.

Tamverani tsono. Batire la lithium siliyenera kutchajidwa pamalo potentha kupitirira madigiri 45. Kuno kwathu mwezi wa Okutobala uno, ngakhale pansi pa mtengo wa mango kutentha kumadutsa 35, ndipo m'galimoto yotseka padzuwa kumatha kupitirira 60. Kufufumako ndi mpweya wochokera ku mankhwala a m'kati amene ayamba kuwonongeka, ndipo batire likatero silibwereranso. Batire limapangidwa ndi timagawo totchedwa maselo, ndipo m'kati mwa selo iliyonse muli timapepala ta mbali ya pulasi ndi ya mainasi tosanjikizana, ndipo chozilekanitsa ndi kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la m'mutu. Kakasungunuka ndi kutentha, kapena kakabooledwa ndi singano yanuyo, mbali ziwirizo zimakhudzana. Pamenepo kutentha kumadzibala kokha, selo imodzi imayatsa inzake, ndipo moto wake suyaka pang'onopang'ono ngati wa pambaula. Umatuluka molavula, ndi utsi woyera wapoizoni woti ukalowa m'chifuwa mwa mwana simungaubweze.

Musaganize kuti ndi mantha a nkhalamba. M'chaka cha 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni ake a Galaxy Note 7 n'kusiyiratu kuwapanga chifukwa mabatire ake ankayaka. Mu Januwale 2013 ndege za Boeing 787 zinaimitsidwa kuuluka chifukwa cha mabatire a lithium omwewa. Mpaka lero, wokwera ndege saloledwa kuika mabatire apadera oterewa m'chikwama chopita kunsi kwa katundu, amauzidwa kuti akhale nawo m'manja kuti akayamba kufuka aoneke. Amenewo ndi anthu okhala ndi mainjiniya mazanamazana. Nanga iwe ndi kachaja kako kogula pabenchi, walimba mtima ndi chiyani?

Ndisamanene za eni okha, za m'nyumba mwanga zilipo. Chaka chatha mdzukulu wanga amene amagona chipinda chakumbuyo anadikira magetsi tsiku lonse. Atayaka pakati pausiku, analumikiza batire lake, n'kuliika pamatilesi pafupi ndi mapazi, tulo n'kumutenga. Chaja yake inali itasiyidwa pa NiMH, potchajira mabatire a mtundu wina osakhala a lithium, pomwe batire linali la LiPo. Pa NiMH chaja imadikira kuti mphamvu itsike pang'ono ndiye izindikire kuti batire ladzaza. LiPo sichita zimenezo, choncho chaja imangothirabe. Anatipulumutsa ndi agogo ake aakazi, amene mphuno zawo sizigona. Anandigwedeza kuti kukununkha zachilendo, ngati mankhwala opaka zikhadabo. Nditalowa ndinapeza batire likulira kuti tswii, neti ya udzudzu ikulendewera pamwamba pake. Ndinazula pulagi, n'kulitola ndi fosholo n'kuliponya pabwalo. Lisanathe n'komwe kugubuduka linalilima, lawi kufika m'chiuno. Matilesi aja alipobe ndi chibowo chake, ndakana kuti asinthidwe. Nyumba yathu ndi ya malata. Ya aneba athu, imene yatalikirana ndi yathu mapazi ochepa chabe, ndi yofolera ndi udzu.

Manambala ake si ovuta, ndipo amene sangawasunge asiye masewerawa abwerere ku bawo. Selo imodzi ya LiPo imalembedwa mavolti 3.7. Ikadzaza imafika 4.2, osapitirira. Ikatsika pansi pa 3.0 yayamba kufa, n'chifukwa chake anzeru amatsitsa kandege selo ikafika cha pa 3.5. Batire la maselo atatu, limene mumati 3S, limalembedwa 11.1 ndipo likadzaza ndi 12.6. Kachingwe koyera ka mawaya ambiri kaja, ka balance, sikokongoletsera. Ndi komwe chaja imaonera selo iliyonse payokha. Mukapanda kukalumikiza, chaja imangoona chiwerengero cha onse pamodzi, ndiye selo ina ikhoza kukhala pa 4.0 inzake ili pa 4.4, inu mukuti zonse zili bwino. Liwiro lotchajira nalonso: batire la 2200 mAh (nambala yosonyeza kuchuluka kwa moto umene limasunga) lipatseni ma amp 2.2, lidzatenga pafupifupi ola. Ndaona ena mukukweza mpaka 5 kapena 6 chifukwa mphepo yayamba bwino ndipo anzanu ali kale m'mwamba. Mphepo ya kunyanja inayamba kuwomba makolo anu asanabadwe, mawa idzawombanso.

Mukamaliza kuuluka, musasunge batire lodzaza mpaka Loweruka linalo. Litsitseni pa 3.8 selo iliyonse. Chaja zambiri zili ndi poti storage, ndipo ntchito yake ndi imeneyo. Kuno kotentha kuno, batire losungidwa lodzaza limakalamba msanga ndipo ndi lomwe limayamba kufufuma.

Za kutchajira kubwalo tsono. Ambiri mumakoka moto ku batire la galimoto, ndipo palibe cholakwika ngati mukuwerengera. Batire la 3S la 2200 mAh limasunga ma watt-hour pafupifupi 24. Kuti lidzaze, limamwa ma amp-hour (muyeso wa moto wosungidwa m'batire) awiri ndi theka kapena kuyandikira pamenepo kuchokera ku batire la galimoto, poti ina imatayika m'chaja ngati kutentha. Batire la kagalimoto kakang'ono limakhala la ma amp-hour 35 kapena 45. Mukakhala anthu asanu, aliyense n'kutchaja kawiri, mwamwa kale theka kapena kuposerapo. Batire loyatsira injini silinapangidwe kuti lizitsitsidwa chotero. Likadzaza limaonetsa 12.6, likafika 12.2 lili pafupi ndi theka, pamenepo lekani. Amene mumakwera kumapiri kuja, dzuwa likadzalowa galimoto ikungoti kwee kwee, mudzakankha nokha. Ndipo inu obwereka batire la njinga yamoto ya achimwene anu a kabaza, dziwani kuti kabatire kameneko kamatha ndi kutchaja kuwiri kapena kutatu, ndipo mawa mwini wake ali ndi ana oti adye. Bwino kutenga batire la sola, lija lopangidwira kutsika ndi kukwera tsiku ndi tsiku. Funsani asodzi a usipa amene anasiya nyali za parafini n'kuyamba kuwalitsa ndi mababu a batire. Iwo amadziwa kuti batire likawathera pakati pa nyanja usiku wonse wapita pachabe, choncho sachoka padoko asanatsimikize.

Potchajapo, chotsani batire m'kandege, chaja ikhale pansi pamthunzi, kutali ndi boneti ndi thanki ya petulo, kutalinso ndi udzu wouma. Mwezi uno tchire lonse ndi nkhuni. Batire longotsika kumene m'mwamba lisiyeni lizizire kaye. Yambani mwalumikiza mawaya ku chaja, kenako ku batire, chifukwa mukayamba ndi batire timitu tiwiri ta mawaya tolowa m'chaja tikakhudzana ndi shoti pomwepo. Simufunika chikwama chodula chochokera ku Johannesburg. Mphika wadothi wa pamsika, wothiramo mchenga pansi, ndi ndowa ina ya mchenga pambali, zakwana. Mchenga ku Mangochi tiusowe? Ndipo munthu mmodzi akhale pomwepo maso ali pa mphikawo mpaka chaja ilire. Muzisinthana ngati mmene alonda amasinthanirana.

Palinso kabatire kena kamene mumakanyozera chifukwa n'kakang'ono, kaja kodyetsa risiva, yolandira malamulo a limoti, ndi maservo, timamota towongolera kandege. Kandege ka injini kamatera mafuta akatha. Glider ikapeza mpweya wabwino imatha ola lathunthu m'mwamba, woyendetsa akusangalala, kabatire kakutha mwakachetechete. Kakatha, limoti ili m'manja mwanuyo imasanduka chidole. Mwezi wa Ogasiti, mwera uli pakati, ndinaona kandege ka mapiko otalika ngati munthu wamkulu kakusiya kumvera mwini wake. Kanapendekeka, kanaloza mphuno pansi, n'kukabaya pathandala la usipa. Mayi wina anali akutembenuza nsomba pamenepo, mwana ali kumbuyo. Kanamuphonya ndi mikono iwiri. Mnyamata uja anathamangira kukaona ngati phiko lathyoka, osayamba wapepesa. Mayiyo anangoti, "Mwana wa yani ameneyu?" Ine ndinachita manyazi ngati kuti ndi wanga.

Titatsegula kandegeko, tinapeza kabatire ka NiMH ka maselo anayi kotchajidwa milungu itatu m'mbuyomo. Mabatire wamba a NiMH amadzithera okha ngakhale ali chikhalire, ndipo kukatentha amatha msanga. A mtundu wa Eneloop ndiwo amasunga moto nthawi yaitali, bola akhale enieni. Selo ya NiMH ndi mavolti 1.2, ndiye anayi ndi 4.8. Kabatire kongochoka pa chaja kamaonetsa kupitirira 5. Koma kuyeza kali phee n'kudzinamiza. Yezani mukugwedeza timitengo tonse ta limoti kuti maservo akoke moto, ndipo kakagwa pansi pa 4.8, tsiku limenelo kuuluka kwatha. Nditasenda waya wa mainasi wa kabatire kaja, mkuwa wa m'kati unali wakuda bii, woyoyoka ngati makala. Matenda amenewa amakonda chinyezi, ndipo kuno tili pakati pa nyanja, mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe. Waya wotere sawotchereka, ngwotaya pamodzi ndi switchi yake.

Inu osula mabatire a laputopu zakufa kuti mupeze maselo a lithium obulungira aja otchedwa 18650, luso lanu ndaliona ndipo ndikuyamikira. Koma selo zokalamba mosiyana musaziphatikize, ndipo musamakhalitse chowotcherera pamutu pa selo mpaka itenthe. Mukaona selo yotere yolembedwa 9900 mAh, mudziwe kuti mwagula bodza, chifukwa zenizeni zimalekezera cha m'ma 3500. Ndipo chaja ya foni imatulutsa mavolti 5. Kuilumikiza mwachindunji ku selo yofuna 4.2, monga ndinaona wina akuchitira ndi mawaya omanga ndi mphira wa chubu, n'kuputa moto dala.

Batire lofufuma kapena lophwanyika pangozi musaliponye m'nyanja yomwe timamwa ndi kudyamo chambo, musaliponye m'chimbudzi, ndipo musalitaye kudzala kumene amayi amayatsa zinyalala madzulo. Ana akalitola amaliphwanya ndi mwala kuti aone za m'kati. Liikeni panja mumphika wa mchenga, lilumikizeni ku babu la galimoto mpaka mita ionetse ziro, ndipo mumate mawaya ake ndi tepi musanalichotse pamenepo.

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ine ndatsina. Loweruka likubwerali ndidzafika pabwalo paja ndi mita yanga, mphika wadothi ndi kampando. Wofuna kuti tiyezere limodzi batire lake adzabwere, sindilipiritsa. Koma ndikadzapezanso batire likutchajidwa m'galimoto yotseka ana ali pambali, sindidzayankhulanso ndi mwini wake. Ndidzapita kwa bambo ake ndi kwa amalume ake, ndipo akadzandikankha ndidzakafika kwa amfumu, poti ambiri a inu makwanu ndimawadziwa.