Nyengo yokha ayi, a mtolankhani

A mtolankhani, mwati kusintha kwa nyengo ndiko kudamaliza zinyama zikuluzikulu zakale, koma dzanja la munthu mwalipeputsa. Zinyamazo zidapirira kuzizira ndi kutentha kambirimbiri anthu asanafike ku America ndi ku Australia. Taganizani, njovu imakhala ndi bere miyezi 22, n'kubereka mwana mmodzi yekha. Alenje akamapha ngakhale zochepa chaka ndi chaka, mtundu umatha osadziwika.

Bwerani kuno kuchigwa mudzaone. Livingstone adapeza njovu mazanamazana ku Elephant Marsh, kutanthauza dambo la njovu, mu 1859, lero kudambo kuja kwatsala mvuu, ng'ona ndi dzina basi. Ku Majete mfuti zidazitheratu njovu pofika 1992, mpaka zina zidachita kubwera pa malole mu 2006. Anzanga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, apanso tinene kuti ndi nyengo?