Mukuthawiranji ntchito musanaidziwe?

Ndikulankhula ndi inu anyamata ndi atsikana amene mumayamba kuphunzira ntchito pa galaja, pa shopu ya ukalipentala kapena ku koleji ya ntchito zamanja mu Januwale, pofika Epulo mwasowa osatsanzika n'komwe. Ndikulankhulanso ndi inu makolo anzanga amene mumawalandira pakhomo ndi mawu akuti "bwera mwanawe, asakuzunze." Khalidwe limeneli lanyanya. Tikapitiriza kulisekerera, midzi yathu idzadzaza ndi anthu oti chilichonse analawako koma palibe chomwe angachigwire mpaka kumapeto.

Funsani amisiri a ku Biwi ndi ku Mchesi mu Lilongwe kapena a ku Ndirande mu Blantyre, nkhani yake ndi imodzi. Mnyamata amabwera ndi amalume ake, kupempha malo mogwada, kulonjeza kuti iye ndi womvera. Sabata yoyamba amafika shopu isanatsegulidwe. Akangopatsidwa beseni la palafini kuti atsuke mabawuti ndi zitsulo za injini, nkhope imagwa. Mwezi wachiwiri maliro amayamba kuchuluka kwawo, lero azakhali, mawa agogo omwe anamwalira kale chaka chatha. Mwezi wachitatu mukamupeza pa siteji ya kabaza, wakwera njinga yamoto ya munthu wina, laisensi alibe, chipewa alibe. Mukamufunsa, akuti bwana uja samandiphunzitsa kanthu, amangondituma.

Ana inu, kutumidwako ndiye phunzirolo. Amene watsuka zitsulo za injini miyezi ingapo amayamba kuzindikira ndi zala zake chitsulo chomwe chadyeka ndi chomwe chili bwino. Amene wakhala akupatsira masipanala safunikanso kuwerenga nambala, amangoyang'ana bawuti n'kudziwa kuti apa mpa 13, apo mpa 17. Amene wagona pansi pa galimoto atagwira tochi amaona dongosolo lomwe mmisiri akumasulira zinthu, ndipo tsiku lomanga sadzatsala ndi mabawuti atatu m'manja osadziwa kwawo. Kwa kalipentala n'chimodzimodzi. Umapala matabwa mpaka mapewa kuwawa kuti udziwe thabwa louma ndi laliwisi, chifukwa chitseko cha thabwa laliwisi chimapindika chikangoyamba kuuma, mwini wake n'kubwera kudzakutukwana pamaso pa anthu. Inu mukufuna mupatsidwe mabuleki a minibasi mwezi woyamba. Minibasi imeneyo ikatsika pa Linthipe itadzaza anthu, mabuleki n'kukana, mudzayankha chiyani kwa amasiye?

Chimene chimakukokani ndikuchidziwa, ndipo sindichipeputsa. Ndalama yathu inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo ndi ufa zinakwera, pomwe wophunzira ntchito amangopatsidwa ya chakudya chamasana, mwinanso osapatsidwa. Wa kabaza madzulo aliwonse amakhala ndi kenakake m'thumba. Pa foni napo mnzanu amene anapita ku Joni akuika zithunzi pa Facebook atavala nsapato zatsopano, osakuuzani kuti amagona anthu angati m'chipinda chimodzi. Wina akuti anawina pobetcha mpira, osatchula zomwe analuza miyezi yonse yam'mbuyo.

Koma tawerengerani bwino. Njingayo si yanu. Mwini wake amafuna ndalama yake ya tsiku, mwapeza makasitomala kapena ayi, mafuta alipo kapena mwagona pa mzere. Patatha zaka zisanu mudzakhala mukudziwa zomwe mumadziwa tsiku loyamba, kukwera ndi kutsitsa anthu, ngati simunagonekedwe ku Queens kapena ku Kamuzu Central mwendo uli ndi zitsulo, poti madokotala a zipatala zimenezi akhala akudandaula za kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za kabaza. Mnzanu uja munamusiya akutsuka mabawuti adzakhala ndi bokosi lakelake la zipangizo, anthu akumufunsa ndi dzina, ndipo inuyo mudzakankha njinga yanu yakufa kupita nayo kwa iye. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Inu mukudula khosi mkanda usanafike.

Amene mumathawa ku makoleji ndiye mulandu wanu ndi waukulu koposa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja ndi owerengeka: Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu, Livingstonia, kuphatikizapo a m'madera omwe boma linayamba kutsegula mu 2015. Bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limatolera ndalama kwa olemba anthu ntchito kuti maphunziro amenewa ayende, ndiye chifukwa chake wosankhidwa salipira mtengo wonse. Ofunsira amachuluka chaka chilichonse, otengedwa ndi ochepa. Inu mwatengedwa, mwakhala teremu imodzi, mwatumizidwa kukaphunzira pa kampani, kapitawo wakukalipirani kuti mwachedwa, basi mwalongedza chikwama. Malo amenewo akanakhala a mwana wamasiye wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene akanagwira ndi manja awiri. Mwamulanda mwayi, inunso osaugwiritsa ntchito.

Tsono makolo anzanga, musagwedeze mitu ngati nkhaniyi ndi ya ana okha. Mwana amene amathawa pa galaja ali ndi zaka 19 anayamba kuthawa ali ndi zaka 7, ndipo amene ankamutsegulira chitseko ndinu.

Kumbukirani mmene tinakulira. Mnyamata ankapatsidwa mbuzi kuti akadyetse. Zikalowa m'munda mwa eni, ankapita yekha kukapepesa, bambo ake ataima pambali osamulankhulira. Kumunda aliyense anali ndi ndime yake, ndipo sunkaweruka chifukwa choti dzuwa lakwera, unkaweruka ndime ikatha. Mtsikana ankadziwa kuti mtsuko ukhale wodzaza dzuwa lisanatuluke, chimanga chikonoledwe, mbale zitsukidwe. Sikuti ntchito zimenezi zinali ndi mankhwala. Zinkangophunzitsa mwana, mobwerezabwereza, kuti ntchito ili ndi mathero ndipo suisiya pakati, kuti kutopa sikupha munthu, ndiponso kuti amene wakudzudzula m'mawa ndi yemweyo adzakuitana kudzadya nsima madzulo. Mwana woleredwa chonchi akakalipiridwa ndi mmisiri amamva kuwawa, inde, koma sadabwa. Mawa lake amabweranso.

Lero m'nyumba zambiri za m'tauni mwana amafika Fomu 4 asanachapepo malaya ake. Pali wantchito, kamtsikana kochokera kumudzi kamsinkhu wofanana naye, kamene kamamunyamulira ngakhale mbale yomwe wadyera. Akalephera mayeso, wolakwa ndi mphunzitsi. Akapatsidwa chilango chotchetcha udzu kusukulu, mayi amanyamuka chitenje m'chiuno kukalalatira ahedi. Akayamba kwaya n'kuisiya, akayamba mpira n'kuusiya, palibe womufunsa kuti bwanji. Kumudzi nakonso musaganize kuti kuli bwino. Ana ambiri atsala ndi agogo otopa, makolo ali ku Joni kapena m'tauni, chomwe amatumiza ndi ndalama ya pa foni, ndipo mwana amakula akudziwa kuti ndalama imabwera ndi uthenga wa pa foni, osati ndi thukuta. Kenaka tsiku limodzi mumamutenga mwana ameneyu n'kukamusiya m'manja mwa makaniko wolusa, n'kumayembekeza kuti apirira zaka zitatu. Apirira ndi chiyani? Anakuphunzira kuti kupirirako?

Ena mumabisala kumbuyo kwa maufulu, mumati masiku ano mwana sagwiritsidwa ntchito, boma limamanga. Musanamizire boma. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo cholinga chake n'kuteteza ana omwe ankavutika m'maesiteti a fodya ndi tiyi m'malo mopita kusukulu. Silinaletse mwana kusesa pabwalo, kuthirira dimba kapena kuphika nsima kwawo. Ulesi wathu wolera tisauveke dzina la lamulo.

Apa ndinene mosabisa, poti alipo anzanga ena amene akamva nkhani zotere amayamba kulakalaka chikwapu ndi nthawi ya Apayoniya, gulu la achinyamata la chipani cholamula cha nthawi ya Kamuzu. Ine ayi. Gulu lija, lomwe linayamba mu 1963 n'kudzathetsedwa ndi asilikali pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, linaphunzitsadi achinyamata ena ulimi ndi ntchito zamanja, koma tonse tikukumbukira mmene linkavutitsira anthu pa nkhani ya makadi a chipani m'misika ndi pokwerera mabasi. Mwana womenyedwa amaphunzira kunama ndi kugwira ntchito pokhapokha pali womuyang'anira. Chimene ndikunena n'chovuta kuposa kumenya: kumupatsa mwana ntchito yoyenera msinkhu wake, kudikira mpaka aimalize ngakhale inu mukanaichita mwachangu, kumubweza akaichita mwachinyengo, ndi kumuyamikira akaichita bwino. Zimenezi zimafuna kuti kholo likhalepo pakhomo, maso ali pa mwana osati pa foni.

Inunso amisiri muli ndi mbali yanu. Alipo ena mwa inu amene mumasunga mwana wa eni zaka ziwiri akungogula tchipisi ndi kutsuka galimoto yanu, injini mukamatsegula mumamutuma kutali kuopa kuti adzakulandani makasitomala. Alipo amene mumatukwana mayi a mwana chifukwa cha sipanala imodzi yosowa. Ndipo alipo, manyazi akugwireni, amene mtsikana akabwera kudzaphunzira kuwotcherera kapena zamagetsi mumayamba kumufuna chibwenzi, akakana ntchito yake yonse iipa. Mwana wothawa zimenezi sanalakwe. Mtsikana wotero achoke tsiku lomwelo, auze makolo, ndipo nkhaniyo ikafike kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Koma ana inu musatenge mawu awa ngati chobisalira. Kutumidwa kusesa si nkhanza. Kuuzidwa kuti bwereza, wapindika, si nkhanza. Kuweruka mochedwa chifukwa galimoto ya kasitomala iyenera kutuluka lero si nkhanza.

Kholo lopita kukapempha malo lisangosiya mwana pachipata ngati katundu. Likhale pansi ndi mmisiri, mwanayo ali pomwepo, agwirizane kuti aphunzira nthawi yaitali bwanji, pofika miyezi isanu ndi umodzi akhale atayamba kugwira chiyani, nanga chakudya chamasana alipira ndani. Mwezi ukatha lidutseko osachenjeza, lifunse mmene akuchitira. Ndipo tsiku limene mwana wabwera kunyumba masana, nkhope ili gwa, akuti sindipitanso, musathamangire kumufunira ndalama ya basi ya ku Joni. Mupatseni nsima adye, agone. M'mawa mudzuke naye, mupite limodzi ku galajako, mukamve mbali zonse ziwiri mmisiri ali pomwepo.