Patty Mills wa Boomers ndi yemwe uja wa pabenchi ku Spurs

Anzanga okonda basketball, funso ili limabwera pakafika ma Olympics: bwanji Patty Mills akavala yunifolomu ya Boomers, timu ya dziko la Australia, amasanduka chilombo, pomwe ku NBA, ligi yaikulu ya ku America, zaka zake zambiri anali woyambira pabenchi ndipo avareji yake yonse sinafike mapointi 10 pa gemu? Ena amati ndi kukonda dziko. Ine ndikuti kukonda dziko sikulowetsa mpira mu ring. Chomwe chimasintha ndi ntchito imene amapatsidwa komanso malamulo amene akusewerera.

Mills anabadwira ku Canberra mu 1988, bambo ake ndi a ku Torres Strait Islands, mayi ake ndi Aboriginal. Anaphikidwa ku Australian Institute of Sport, kenako mu 2007 anapita ku Saint Mary's College ku California, kakoleji kakang'ono komwe kochi Randy Bennett anatsegula njira ya anyamata a ku Australia. Kumeneko mpira unali wake. Koma mu January 2009 anathyoka dzanja posewera ndi Gonzaga, ndipo pa draft ya chaka chomwecho, pomwe matimu a NBA amasankha osewera atsopano, timu ya Portland inamutenga pa nambala 55 mwa anthu 60. Nambala imeneyi muimvetse bwino: wotengedwa mu round yachiwiri alibe kontilakiti yotsimikizika, atha kumutsanzika tsiku lililonse. Ngati zimenezo sizinakwane, anathyokanso fupa la phazi pokonzekera Summer League, masewero oyesera osewera atsopano. Ku Portland anangokhala wokupiza thaulo pabenchi, ndipo NBA itaima mu 2011 anakasewera ku Melbourne Tigers ndi ku Xinjiang ku China, mpaka San Antonio Spurs inamutenga mu March 2012.

Ku NBA munthu wamfupi ngati Mills, yemwe sadutsa kwenikweni mamita 1.8 ndi pang'ono, amasakidwa dala. Timu ina imatumiza yemwe Mills akumumaka kuti akaikire screen katswiri wawo, kutanthauza kutchinga ndi thupi munthu amene akumaka katswiriyo, oteteza akasinthana, basi Mills watsala yekha ndi chimphona cha mamita 2.03 chomwe chimangoponya pamwamba pa mutu wake. Kochi sangamusiye m'bwalo mphindi 35. Ndiye Gregg Popovich, yemwe anali kochi wa Spurs, anamupatsa ntchito yopapatiza: lowa kumbuyo kwa Tony Parker, thamanga, ponya ma three (mipira ya mapointi atatu yoponyera patali), tuluka. Mphindi pafupifupi 20 pa gemu ya mphindi 48. Ntchito imeneyi anaigwira bwino atachepetsa thupi mu 2013. Pa gemu yachisanu ya Finals ya 2014 anathira mapointi 17, ma three 5, Spurs n'kutenga chikho pamaso pa Miami Heat, ndipo pambuyo pake anakachitidwa opaleshoni ya phewa.

Tsono onani zomwe zimachitika akamupatsa mpata. Mu April 2012 Popovich atapumitsa akuluakulu, Mills anamwetsa Golden State mapointi 34. Pa Khirisimasi ya 2021, ali ku Brooklyn Nets timu itaperewera anthu, anathiranso 34 pa Lakers ndi ma three 8. Dzanja ndi lomwe lija, chomwe ankasowa ndi mipira.

Ku masewero a FIBA, bungwe loyendetsa basketball ya maiko, zinthu zitatu zimamukomera. Mzere wa three uli pa mamita 6.75 pomwe ku NBA pamwamba pake ndi 7.24, ndiye malo omwe iye anazolowera kuponyera amakhala ali kunja kwa mzere ndi sitepe yathunthu, womumaka asanaganize zotuluka. Chachiwiri, kulibe lamulo loletsa woteteza kuima pansi pa ring masekondi atatu, choncho chimphona ngati Andrew Bogut kapena Aron Baynes chinkakhala pomwepo kukwirira Mills akapitidwa. Kufooka kwake kumabisika. Lamulo lomweli limazunza osewera odalira kuboola pakati, pomwe munthu woponya ali kutali silimukhudza.

Chachitatu ndiye chachikulu, ndipo ambiri sachiona chifukwa maso awo amatsata mpira. Mills sadikira mpira ataima. Amaupereka kwa mnzake pamwamba pa key, kabokosi ka kutsogolo kwa ring, monga ankachitira ndi Joe Ingles kapena Bogut, amathamangira pansi pa ring, amakhotera pa screen yoyamba, yachiwiri, phewa lake likukhula phewa la mnzake kuti womumaka asapeze kampata kodutsira, ndipo mpira ukamafika mapazi amakhala atayang'ana kale ring. Womumaka akadulira njira pamwamba, iye amabwerera chakumbuyo n'kulandirira pansi. Kuthamangitsa munthu wotere mphindi 30 mwa 40, ndi mafaulo 5 okha osati 6, miyendo imatha mu kotala yachitatu.

Zotsatira zake ndi izi. London 2012 ndiye anatsogola pa mapointi, avareji ya 21.2, kuphatikizapo 39 pa Great Britain. Mu August 2019 ku Melbourne anathira 30 Australia ikugonjetsa USA 98-94, koyamba m'mbiri. Ku Tokyo mu 2021 ananyamula mbendera limodzi ndi wosambira Cate Campbell, Mills n'kukhala munthu woyamba wa mitundu ya eni nthaka kutero, kenako n'kuthira 42 pa Slovenia ya Luka Dončić, 107-93, mendulo yoyamba ya timu ya amuna ya Australia pa Olympics.

Koma tisamapembedze mopanda kuona mbali ina. Timu ikamangidwa pa miyendo ya munthu mmodzi wamfupi, mphindi zomaliza zimawawa. Ku Rio mu 2016 anali ndi 30, koma ndi iye amene anaimbidwa faulo pa Sergio Rodríguez kutatsala masekondi 5, Spain n'kutenga mendulo 89-88. Anthu a ku Australia mpaka lero amati Rodríguez anadzigwetsa, ndipo ukaonera kanemayo sungawatsutse kwambiri, komabe Spain inadziwa kuti ilowere pa ndani. Mu semifainolo ya World Cup ya 2019 anaphonya free throw imodzi mwa ziwiri kumapeto, gemu inapita ku nthawi zowonjezera ziwiri, Spain n'kupambananso. Ku Paris mu 2024 Australia inatsogola ndi mapointi 24 pa Serbia, Mills akuyaka moto mu theka loyamba. Serbia itayamba kumukanikiza, mapointi anauma. Iye yemweyo ndiye anaponya mpira wofananitsa pamaso pa Nikola Jokić kutatsala kamphindi, koma mu nthawi yowonjezera Australia inagonja 95-90, Mills ali ndi zaka pafupifupi 36 ndipo timu ikumuyang'anabe iye kuti aponye.