Tucker ankadzitcha wa sosholizimu

Mlembi, mfundo yanu yakuti anakisiti (anthu osafuna kuti pakhale boma) oika patsogolo munthu payekha anali adani a sosholizimu ndi yoperewera. Benjamin Tucker, mmodzi wa anakisitiwo, yemwe anayambitsa nyuzipepala ya Liberty ku Boston, ku America, mu 1881, ankadzitcha wa sosholizimu, pakuti ankakhulupirira kuti wantchito ayenera kudya phindu lonse la thukuta lake, ndipo chiwongoladzanja ndi lendi ankaziona ngati kuba kotetezedwa ndi boma. Chimene ankakana ndi chikomyunizimu choika zokolola za munthu m'manja mwa gulu iye asakufuna. Simunatchulenso mkangano umene unabuka pakati pawo: Tucker atatsata maganizo a katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, Max Stirner, okana ufulu wachibadwa ndi kukweza zofuna za munthu mwini, anzake angapo anasiya kulembera nyuzipepalayo.