Ana anga amapita ku Halloween, koma chipewa cha mfiti sindigula

Chaka chilichonse Okutobala akamatha, gulu la WhatsApp la banja lathu limatentha. Ndikangoponyamo chithunzi cha ana anga atadzipaka nkhope, amalume a ku Area 25 amayamba: "Mphwanga, kodi unapita kunjako kuti ukalowetse ana zausatana?" Chaka chino ndati ndiyankhire pano, kuti chaka chamawa ndidzangowatumizira zomwezi.

Ndimakhala ku Paisley, kufupi ndi Glasgow, m'dziko la Scotland. Chaka choyamba inenso ndinali mbali ya amalume. Pa 31 Okutobala ndinazimitsa magetsi, n'kutseka makatani, n'kukhala phee ngati munthu amene akubisalira a banki mkhonde. Ndinkangomva phokoso la ana akudutsa mumsewu. Palibe anagogoda. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ali ndi lamulo lawo losalembedwa: nyumba yamdima saigogoda, amapita pokhapo pamene pakhomo payikidwa dzungu loyaka kandulo kapena zokongoletsa zina. Choncho ndinabisalira anthu amene sankandifuna n'komwe.

Kuti mumvetse chifukwa chimene ndinasinthira, muyambe mwadziwa mmene moyo wa kuno ulili. Ungathe kukhala zaka ziwiri osadziwa dzina la munthu amene mumagawana naye khoma. Kupita kwa mnzako kukapempha mchere kapena kukapala moto kulibe. Mawu akuti "odi" amachita kukusowa pakamwa, chifukwa munthu sapita kunyumba ya wina asanapangane naye tsiku ndi ola. Ndiye Lamlungu lomaliza la Okutobala amabweza wotchi ndi ola limodzi, dzuwa limayamba kulowa 5 koloko isanakwane, mvula yowazawaza siyikata, aliyense amadzitsekera. Pakati pa mdima umenewu pali usiku umodzi wokha pachaka pamene mwana amaloledwa kugogoda pakhomo la munthu wachilendo, mwininyumba n'kutsegula akumwetulira. Usiku wake ndi umene amalume akuuopawu.

Amene anandikokeramo ndi agogo ena aakazi oyandikana nafe, a zaka zoposa 80. Chaka chachiwiri anaima pampanda n'kufunsa ngati ana abwera kwawo. Anati asadzabwere ndi zija za ku America zongotambasula thumba n'kunena "trick or treat". Kuno mwambo wake umatchedwa guising, kutanthauza kudzibisa maonekedwe, ndipo switi simaperekedwa yaulere. Mwana akagogoda amayenera kuchitapo kanthu: kuimba nyimbo, kulakatula ndakatulo, kunena nthabwala kapena kuvina. Akamaliza m'pamene amalandira. Kale ankapatsidwa mtedza, maapozi ndi timakobidi. Masiku ano ndi chokoleti basi.

Apa ndi pamene mtima wanga unagwera. Mwana wanga wamkazi anali wamanyazi kwambiri nthawi imeneyo, wobisala kumbuyo kwa chitenje. Sabata yonse tinkaganiza choti akachite. Mapeto ake ndinamuphunzitsa mwambi wa kwathu. Atafika pakhomo pa agogo aja anakuwa kuti "Ndagi!", mchimwene wake n'kuyankha "Gize!", iye n'kuti, "Nyumba ya amayi anga yopanda khomo." Kenaka anamasulira m'Chingerezi. Agogo aja anaganiza, anayesa kawiri, analephera. Atauzidwa kuti ndi dzira anaseka mpaka kugwira chitseko. Usiku umenewo mwambi wa dzira unayenda nyumba khumi ndi ziwiri za mumsewu mwathu, ndipo ine amene ndinkaima pageti ndi ambulera ndinadziwa mayina a anthu ambiri kuposa amene ndinawadziwa m'miyezi yonse ya m'mbuyomo. Bambo wina amene ndinkamuona ngati wokwiya nthawi zonse anatulutsa mbale yodzaza, n'kupempha kuti mwana abwerezenso "Ndagi" kuti mkazi wake amve.

Amene munakulira kumudzi kapena m'makomboni, mwaiwala kodi mmene tinkayendera khomo ndi khomo pa Khirisimasi titavala malaya atsopano, tikupempha Khirisimasi bokosi? Palibe ankatithamangitsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anthu a kuno mwambi umenewu amaukumbukira kamodzi pachaka, ndiye ine ndiwatsekere chitseko tsiku lomwelo?

Tsopano za mizimu, chifukwa sindikufuna kunamiza amalume. N'zoona kuti muzu wina wa tsikuli ndi wachikunja. Anthu akale a ku Ireland ndi Scotland anali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain, chotsekera nyengo yokolola ndi kutsegulira nyengo yozizira, ndipo ankakhulupirira kuti usiku umenewo mizimu imayenda pafupi ndi amoyo. Ankasonkha moto waukulu, ndipo kudzibisa nkhope amakufotokoza kuti inali njira yoti mizimuyo isakuzindikire. Koma dzina lakuti Halloween ndi la kutchalitchi. Ndi chidule cha All Hallows' Eve, usiku wotsogolera tsiku la Oyera Onse, 1 Novembala, limene Akatolika a kwathu komwe amalisunga, mawa lake n'kupempherera amene anatisiya. Ndipo popeza amalume ndi mkulu wa mpingo wa CCAP, ndiwakumbutse kuti 31 Okutobala yomweyo ndi tsiku limene amakumbukira Martin Luther ndi mfundo zake 95 za mu 1517. Amishoni amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anachokera m'dziko lomwe lino la guising. Ana amene ndimawaona mumsewu sapembedza kanthu. Maso awo onse amakhala pathumba la mnzawo, kuona amene walandira zambiri.

Ena amakonda kunena kuti Halloween ndi Gule Wamkulu wa azungu. Ayi, pamenepo ndimakana. Gule ali ndi eni ake, dambwe lake ndi zinsinsi zake, satuluka chifukwa sitolo yatsitsa mtengo wa zigoba. Tisasakanize.

Mwambo wina umene ndaukonda ndi wa nyali. Dzungu lija mumaliona pa TV linabwera mochedwa. Kuno ankasema neep, chomera cha muzu wozungulira, waukulu ngati mutu wa mwana, wolimba ngati chitsa. Anthu a ku Ireland ndi Scotland atasamukira ku America, makamaka pa njala yaikulu ya ku Ireland imene inayamba mu 1845, anakapeza maungu, ofewa ndi osavuta kusema, ndipo mwambo unabwerera kuno utavala dzungu. Agogo athu aja dzungu salifuna. Chaka chatha anandipatsa neep kuti ndiseme monga ankachitira bambo awo. Abale anga, supuni ziwiri zinapindika, dzanja linatuluka matuza, ndipo kandulo itayaka mkati fungo lake linali ngati ndiwo zopserera. Koma nkhope imene inatuluka inali yoopsa kuposa dzungu lililonse mumsewu wonse, ndipo agogowo anaijambula n'kutumizira ana awo ku Canada.

Za maungu zokha ndiye zimandipweteka. Amakumba zamkati n'kutaya, nthanga zonse m'bini, ndipo pa 1 Novembala dzungu lathunthu limakaponyedwa kudzala. Mwana wa mlimi sangazione zimenezi mtima uli m'malo. Kwathu dzungu ndi limene limatipulumutsa Febuluwale ndi Malichi chimanga chisanache, masamba ake nkhwani wotendera. Kunyumba kwanga nthanga timakazinga ndi mchere, zamkati timaphika. Kunena zoona maungu osemawa ndi amadzimadzi, sangafanane ndi a kudimba kwa amayi, koma kutaya ayi.

Pamakhalanso masewera olimbirana maapozi oyandama m'beseni la madzi, manja ali kumbuyo, kugwira ndi mano okha. Amawatcha dooking. Palinso ena opachika sikono yopaka manyuchi akuda pachingwe kuti ana aziluma osagwira. Nkhope zimatuluka ngati za mwana amene wagwera mumphika.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndimakana, ndipo apa amalume angadabwe kuti chifukwa changa si chawo. Chovala chofala kwambiri m'masitolo ndi cha mfiti: chipewa chakuda chosongoka, tsache, mphuno yokhota, nkhope ya gogo wamakwinya. Anzanga a kuno amati n'zoseketsa chabe. Kwa iwo mwina. Ine ndimakumbukira Januwale wa 2016 ku Neno, pamene okalamba 4 a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawanamizira kuti ndi amene anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo lathu la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma nkhani za agogo kumenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba sizitha pa wailesi. Kwathu mawu akuti mfiti akakugwera uli wokalamba, wosauka, wopanda mwana wokuteteza, ndi imfa. Nkhope imene amaigulitsa m'sitoloyo ndi nkhope ya agogo anga.

Ndipo Paisley yomweyi siyingadziyeretse. Mu 1696 mtsikana wa zaka 11, Christian Shaw, mwana wa mwinimalo wa ku Bargarran, ananena kuti akumulodza, ndipo mu 1697 anthu 7 anaweruzidwa kuti aphedwe. Ambiri mwa iwo anawapha pamalo otchedwa Gallow Green n'kuwotcha mitembo yawo. Pamphambano ya Maxwellton Cross pali chitsulo cha kuphazi kwa kavalo chozikidwa pakati pa msewu chokumbutsa nkhaniyi, ndipo magalimoto amachiponda tsiku lililonse. M'dziko lonse la Scotland anthu pafupifupi 4,000, ambiri mwa iwo amayi, anaimbidwa mlandu wa ufiti pansi pa lamulo la mu 1563. Pa 8 Malichi 2022 Nicola Sturgeon, amene anali mtsogoleri wa boma la Scotland, anapepesa poyera m'nyumba ya malamulo. Zinawatengera zaka zoposa 300. Iwo chilonda chinapola mpaka akutha kuchisandutsa chovala cha ana. Chathu chikadali chachiwisi.

Ndinayesa kumufotokozera mwana wanga zimenezi chaka chino, chifukwa anzake atatu a m'kalasi agwirizana kuti onse akhale mfiti. Analira, anati ndine mayi wovuta, anakhala tsiku lonse osandilankhula. Sindinamuuze zonse za ku Neno, akadali wamng'ono. Ndinangomufunsa kuti angamve bwanji anthu atamaloza agogo ake a ku Ntcheu n'kumati ndi amene akudwalitsa ana m'mudzi. Anakhala chete, kenaka anafunsa ngati Kalulu wa m'nthano amaloledwa. Ndinati Kalulu amaloledwa kwambiri, ndiponso ndi amene amadziwa kupezera chakudya pakamwa.

Ndiye makutu a Kalulu ndasoka kale ndi nsalu yotsala ya chitenje, mkati ndaikamo waya. Mchimwene wake akufuna kukhala Fisi, ndipo ndikudziwa kale zimene amalume adzanene za fisi woyenda usiku. Mwambi wa dzira msewu wonse unaudziwa, choncho tikufuna wina watsopano umene ungamasulike m'Chingerezi osataya mchere wake. Amene muli nawo ponyani m'munsimu lisanafike Lachisanu, kuti ana apeze nthawi yoloweza. Amalume, inunso mukuidziwa yambiri, paja ndinu munatiphunzitsa ya dzira ija.